Mfuti Yotchera ndi Dzanja Limodzi

Chitulukireni m'chipatala, a Sipanala anali asanapemphepo kanthu. Chakudya ankadya chimene chabwera, malaya ankavala amene awaikira pabedi, ndipo wailesi ikayamba kusokosera sankaitana munthu kuti aikonze. Ankangokhala pampando wa pawindo la kukhitchini, dzanja lamanzere lili pantchafu ngati katundu wa eni ake amene awasungitsa, maso ali pabwalo la kuseri kwa nyumba. Dzina la Sipanalali anawapatsa ndi anzawo a kugalaja kumene anakonza malole kuyambira ali mnyamata, kufikira m'mawa umene sitiroko inawagwetsa pambali pa lole ya mchenga. Inawasiyira mwendo wokoka, dzanja lofooka ndi lilime lolemera.

Mkazi wawo, amene msewu wonse unkamutcha Nabuledi chifukwa cha bekale yake yaing'ono ya kumaso kwa nyumbayo, ankalakalaka atamva ngakhale dandaulo. Mwamuna ameneyu kale ankakangana ndi owerenga nkhani pawailesi, ankabweza tiyi ati shuga wachepa, ankaimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa n'kumuuza kuti injini yake ikutsokomola. Tsopano ukawafunsa ngati akufuna tiyi kapena madzi, yankho linali lakuti, "Chilichonse." Anzawo a kugalaja akabwera kudzawazonda, ankapukusira mutu mkazi wawo kuti akanene kuti agona.

Chaka chimenecho makoswe anachuluka. Chinyumba chosungiramo katundu chimene chinali kuseri kwa mpanda chinagwetsedwa, ndiye onse okhala mmenemo anasamukira kwa Nabuledi. Ankaboola matumba a ufa wa tirigu chakunsi, m'mawa n'kupeza timizere toyera pansi ponse. Poizoni sakanaika pafupi ndi ufa wodyetsa anthu. Misampha inagwira poyamba pokha, kenako makoswewo anaphunzira kudya nyambo n'kusiya chitsulo chili chitcherere. Mphaka wobwereka kwa mnansi anakhala pathumba, nayang'ana kukula kwa adaniwo, nabwerera kwawo.

Lamlungu lina masana, bekale ili yotseka, Nabuledi ankatsuka malata ophikira buledi pamene anamva mawu kumbuyo kwake.

"Mfuti."

Anatembenuka manja ali thovu lokhalokha. "Mwati chiyani, bambo?"

A Sipanala analoza pawindo ndi chibwano. Pamwamba pa mpanda khoswe wamkulu ankayenda mosapupuluma, ngati munthu amene lendi analipira kale.

"Mfuti ya mpweya," iwo anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Ya sipuling'i. Ndikuifuna."

Poyamba Nabuledi anasangalala, poti anali atamva mawu akuti "ndikufuna." Kenako anachita mantha. Miyezi yonseyi mapiritsi a amuna ake ankawasunga m'chikwama chake, ndipo chingwe choyanikira zovala ankachimasula akangoanula, osauza munthu chifukwa chake. Tsopano chinthu choyamba chimene munthu wosalankhulayo wapempha ndi mfuti.

Anatuluka panja n'kuimbira foni mlamu wake, mng'ono wa a Sipanala, woyendetsa takisi.

"Alamu, imeneyo ndi mfuti ya makoswe ndi nkhunda," mlamuyo anaseka. "Ilibe wonga. Ndi mpweya chabe umene umakankha kachipolopolo ka mtovu. Si chidole ayi, diso imaphulitsa, koma musaganize za asilikali. Kodi achimwene sanakuuzenipo? Tili ana amalume anali nayo. Achimwenewa ankachotsa chitsekerero pabotolo, botololo n'kutsala chiimire."

Zaka zonse za ukwati Nabuledi anali asanamvepo zimenezi. Anaima pabwalopo akuyang'ana amuna ake kudzera pawindo, akudzifunsa kuti ndi zingati zina zimene zili mwa munthu ameneyu zimene iye sakuzidziwa. Mantha sanathe, koma anauza mlamu wake kuti abwere ndi takisi Loweruka.

Sitolo ya mfuti imene anapitako inali yopapatiza, pakati pa ogulitsa matayala ndi osoka mipando ya galimoto. Munkanunkha mafuta ndi labala. Mbedza ndi maukonde zinali kumaso, mfuti zinali kukhoma la kumbuyo kwa kauntala, zomangidwa ndi tcheni. Mwini wake anali bambo wamfupi wa imvi amene diso lake lamanzere linazolowera kukhala lotsinzina pang'ono, ndipo mlamu uja anali atanena kale m'galimoto kuti anthu amawatchula kuti a Katsinzina.

"Ya sipuling'i," a Sipanala anatero asanapereke n'komwe moni wokwanira.

"Zilipo zina zopopa, zina za gasi," a Katsinzina anayamba.

"Ayi. Sipuling'i, pisitoni, labala. Ikafa, nditsegula."

"Awa ndi makaniko," mlamu uja anafotokoza. "Chinthu chimene sangachimasule sachikhulupirira. N'chifukwa chake foni imawatopetsa."

A Katsinzina anamasula tcheni n'kuika mfuti zitatu pakauntala, pamwamba pa chinsalu chokhuthala. Kenako anafunsa, "Mukufuna kulasa chiyani, ndipo patali bwanji?"

A Sipanala anachedwa kusonkhanitsa mawu, ndiye Nabuledi anayankha. Anati ndi makoswe, mwinanso chandamale cha pepala pophunzira, ndipo bwalo lawo ndi loti ukaima pakhomo la kukhitchini ungathe kuponyera munthu makiyi ali kumpanda.

"Ndiye iyi iwaleni," a Katsinzina anatero akugwira yaikulu kwambiri, ya thabwa lakuda lonyezimira. "Imeneyi ndi ya kutchire, ya akalulu ndi nkhanga zili patali. Pabwalo panu iboola khoswe, iboola lata, ikathera mumphika wa oyandikana nawo. Yapakatiyi mpope wake suthyoka, imatchera ndi chitsulo chapansichi. Imalunjika bwino, koma kulemera kwake muyeneko nokha. Yaing'onoyi ndi imene ndingapatse munthu wa bwalo ngati lanu."

A Sipanala sanaiyang'ane n'komwe yaing'onoyo. Dzanja lawo lamanja linali kale pa yakuda ija, likusisita thabwa.

"Iyi."

Mwini sitolo anayang'ana dzanja lamanzere lija, anayang'ananso Nabuledi. Anawatsogolera kuseri kwa sitolo, kumene kunali kanjira katali ka makoma mbali zonse, kothera pamatumba a mchenga. Kumeneko ndi kumene ogula ankayesera. Anawaonetsa katcheredwe kake: kutsamiritsa tsinde la mfuti m'chiuno, kumenya mpope pang'ono kuti uthyoke, kenako kuukokera pansi mpaka sipuling'i itakodwa n'kumveka kuti tcha.

"Chachikulu," iwo anatero, "mpope musautaye pakati panjira. Ukabwerera wokha umaluma zala."

A Sipanala anapatsira mng'ono wawo ndodo yoyendera. Anaika tsinde m'chiuno, nagwira mpope ndi dzanja lamanja. Unathyoka bwinobwino. Anayamba kukoka. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, mwendo wofookawo unayamba kunjenjemera, ndipo mpope unatsika mpaka pakati n'kuima. Anayesa kubweretsa dzanja lamanzere kuti lithandize, koma zala zinangokhudza chitsulo n'kutsetsereka. Tsinde linaterereka m'chiuno. A Katsinzina, amene anali ataima pafupi dala, anaugwira mpopewo usanabwerere, nalandira mfutiyo mwakachetechete.

Ngakhale mlamu uja nthabwala inamuthawa. A Sipanala anatambasula dzanja kuti awapatse ndodo yawo, natuluka pang'onopang'ono, phazi likukwekwereza pasimenti. Mng'ono wawo anawatsatira.

Nabuledi anatsala. Sanadziwe chimene chinamuchititsa, koma anapempha kuti aione mfuti yakudayo. Anaiika m'chiuno monga anaonera, nakoka. Manja amene anakanda ufa m'mamawa uliwonse kwa theka la moyo wake anautsitsa mpopewo mpaka unalira kuti tcha. Anachita manyazi ngati waba. Anayang'ana kukhomo kuti aone ngati wina waona.

"Zimenezi zithere pompano," anatero.

"Ine diso limodzi ndi lotseka kale, mayi," a Katsinzina anayankha. Anaombera pamatumba a mchenga kuti sipuling'i ipume, kenako anatenga yaing'ono ija. "Musaione kuchepa. Khoswe pabwalo lanu imamugwetsa. Ndipo munthu atakhala pampando, tsinde ataliika pantchafu, amaitchera ndi dzanja limodzi. Koma kuwauza zimenezo ndi ntchito yanu. Ine andimva ngati wogulitsa."

Nabuledi anawapeza amuna ake ali pampando wakumbuyo wa takisi, chitseko chili chotsegula, maso ali pamulu wa matayala. Mlamu uja anali atapita kukagula madzi amene palibe ankawafuna. Nabuledi anakhala pambali pawo.

"Ndinkanyamula giyabokosi," a Sipanala anatero. "Ndekha."

"Ndikudziwa. Ovololo yake ndinkachapa ndine."

"Lero kachitsulo."

Nabuledi anafuna kunena kuti mphamvu zibwerera, monga ankanenera a mafizo kuchipatala, koma anadziwa kuti amuna ake mawu amenewo anatopa nawo.

"Bambo, munthu atabwera kugalaja kuti mumuikire injini ya lole pagalimoto yotengera ana kusukulu, mukanamuuza chiyani?"

A Sipanala anamuyang'ana cham'mbali. Mbali ya pakamwa imene inkagwirabe ntchito inasuntha pang'ono.

"Ndikanamuthamangitsa."

"Ndiye bambo aja ndi aulemu, sanakuthamangitseni. Ine makoswe akundithera ufa. Ngati mukufuna kundithandiza, tiyeni mukaione inayo. Mukaikana, tibwerera kunyumba, sindidzaitchulanso."

A Sipanala anafufuza ndodo yawo pansi pa mpando.

Ulendo uno a Katsinzina anali ataika kale mpando m'kanjira kaja. A Sipanala anakhala, naitembenuza mfuti yaing'onoyo uku ndi uku, akuyang'ana zomangira zake ngati akuifunafuna cholakwa. Anaika tsinde pantchafu yamanja, nagwira mpope kunsonga kwenikweni, monga amachitira makaniko akafuna kuti sipanala imuthandize. Anakoka. Sizinali zophweka, nkhope inachita tsinya, koma mpope unatsika mpaka pansi ndipo kulira kuja kunamveka. Anaukola ndi mkono wamanzere kuti usabwerere, dzanja lamanja likhale lomasuka.

A Katsinzina anatsegula zitini ziwiri za tizipolopolo. Anati tating'onoti timauluka mowongoka, ndipo okonda kulasa mapepala amatikonda, pamene tokulirapoti timagunda molemera, n'toyenera khoswe. Mfuti imeneyi inalipo ya mitundu yonse iwiri, koma iliyonse imadya mtundu wake wokha. A Sipanala anayesa kutola kakang'ono. Kanagwa pansi n'kugubuduka. Anatola kokulirapo, kanakhala pakati pa zala bwinobwino.

"Zala zasankha zokha," mlamu uja anatero, atabwerera ndi mabotolo ake amadzi.

Kuwombera koyamba kunathera pamchenga, kutali ndi pepala. Kwachiwiri chimodzimodzi. A Sipanala anali ataifinyira mfutiyo paphewa ndi mphamvu zawo zonse.

"Mukuigwira ngati wakuba," a Katsinzina anatero. "Ya sipuling'i imadumpha kachipolopolo kasanatuluke. Mukaipanikiza, lero idumphira uku, mawa uko. Ilekeni izidumpha mofanana nthawi zonse. Dzanja lamanzerelo lingotambasuka, iyo igone pachikhatho. Ndipo musaigoneke pachinthu cholimba, imanjanja."

A Sipanala anatsegula chikhatho chofookacho, chigongono chili pabondo. Anapuma, nakoka kachitsulo kowombetsera pang'onopang'ono. Pepala linagwedezeka. Bowo linali m'mphepete, kutali ndi pakati, koma linali papepala.

Anafunsa za galasi loyang'anira limene linali pa mfuti yakuda ija. Mwini sitolo anati adikire kaye: pabwalo lalifupi maso awo ndi magalasi awo akwana, ndiponso galasi lotchipa mfuti ya sipuling'i imaligwedeza mpaka kulimasula mkati. Anagula mfuti yaing'onoyo, chitini cha tizipolopolo tokulirapo ndi thumba loisungiramo.

Kunyumba a Sipanala anakonza malo awo. Anauza Nabuledi, ndi mawu ochepa ndi kuloza kwambiri, kuti adzaze katoni ndi nsanza ndi manyuzipepala akale, aiike patsinde pa mpanda pamene pali njerwa zokhazokha, kutali ndi geti. Mpando unachoka pawindo n'kupita pakhomo la kukhitchini. Masana aliwonse, uvuni ukazima, ogula kumaso ankamva kaphokoso kosamveka bwino kuseri, ngati munthu akumenya chitseko cha kabati, ndipo ena ankafunsa ngati kuli kalipentala.

Chitini cha tizipolopolo chinkakhala m'thumba la epuloni ya Nabuledi. Ankawatapira pang'ono m'sosala, tikatha n'kuwonjezera, ndipo madzulo mfuti ankaitsekera m'kabati ya m'bekale. Ankaganiza kuti zimenezi akuzichita mochenjera. Tsiku lina akuwathirira m'sosalamo, a Sipanala anamugwira dzanja.

"Chingwe chija," iwo anatero. "Muzichisiya. Mukuvutika kumanga."

Nabuledi anayesa kuseka, zinakanika.

"Munkaona?"

"Ndimakhala pawindo."

"Nanga ndinkalakwa?"

A Sipanala anayang'ana kumpanda. "Poyamba, ayi," anatero. "Pano, inde. Koma chitini sungani. Ndi bwino. Kumabwera ana."

Nabuledi analowa m'chipinda chosungira ufa, natseka chitseko, nakhala pathumba. Analira pang'ono, mosatulutsa mawu, kenako anapukuta m'maso ndi epuloni n'kupita kukagulitsa buledi, ufa uli pamasaya.

Khoswe woyamba anabwera Lamlungu lina chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Anatulukira kuseri kwa migolo, naima pafupi ndi katoni ija akununkhiza. Nabuledi anali pakhomo akusenda anyezi. Anaona amuna ake akukweza mfuti, ndipo anaonanso chimene iwo mwina sanafune kuchiona: anali atawombera kale kwa nthawi yaitali tsiku limenelo, ndipo dzanja lamanzere linali litatopa, nsonga ya mpope ikuvina pang'ono. Mfuti inalira.

Khosweyo analira mokuwa ngati kamwana. Kachipolopolo kanamupeza m'chiuno. Sanafe. Anayamba kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikukwekwereza pasimenti, akulowera kumigolo. A Sipanala anaika tsinde pantchafu kuti atcherenso, koma dzanja linali thukuta ndipo maso awo anali pakanyamako. Mpope unatsika pang'ono n'kuima. Anayesanso. Khosweyo ankangolirabe.

Nabuledi anataya mpeni. Sanapemphe. Anawalanda mfutiyo, naitchera kamodzin'kamodzi, naikamo kachipolopolo, nayenda mpaka pamene panali khosweyo, namuombera m'mutu ali pafupi. Bwalo linakhala chete. Anamunyamula ndi fosholo kukamutaya m'bini.

Atabwerera anapeza amuna ake akuyang'ana mzere umene miyendo ija inasiya pafumbi. Anadikira kuti akwiye poti waonetsa kuti iye amaitchera mosavutika. Koma iwo anangoti, "Mwachita bwino." Chakudya chamadzulo sanadye.

Masiku otsatira mfuti inakhala m'kabati. Mpando unabwerera pawindo, ndipo Nabuledi mtima unayambanso kulemera. Ankadziimba mlandu kuti akanalankhula ataona mpope ukuvina. Komabe anazindikira kuti kukhala kwa ulendo uno kunali kwina. A Sipanala ankayesa kutalika kwa bondo lawo ndi chikhatho, ankakweza chigongono m'mwamba n'kuchitsitsa, ankalankhula okha. M'mawa wina anamuitana.

"Vuto si mfuti. Ndi ili," anatero akukweza dzanja lamanzere ndi lamanja. "Limatopa. Likufunika jeke."

"Jeke?"

"Choimikira. Chitsulo, miyendo itatu, chokwera ndi kutsika. Pamwamba kathumba kofewa. Dzanja ligone pamenepo, mfuti igone padzanja." Anapuma, poti mawu anali ambiri. "Chamoyo sindilasanso mpaka mabowo a papepala akhale pamodzi. Imbirani mng'ono wanga."

"Kusitolo kuja?"

"Kugalaja. Kuli wowotcherera."

Nabuledi sanafune kuti nkhope yake ionetse kanthu, ndiye anaweramira foni.

M'mawa mwake a Sipanala anapita ndi mng'ono wawo, Nabuledi n'kutsala akusoka kathumba ka nsalu ya thumba la ufa, nakadzaza mchenga wosefa. Ankayembekezera kuti abwerera isanakwane nthawi ya chakudya chamasana. Masana anadutsa. Ogula a madzulo anayamba kufika. Pomwe ankati aimbe foni, takisi inaima pageti, ndipo mlamu wake anatsika atasenza chinthu cha miyendo itatu, chopangidwa ndi mapaipi ndi jeke yakale ya galimoto yaing'ono, utoto usanaume bwino.

"Alamu, amuna anuwa musadzandipatsenso," anatero akuchitsitsa. "Tangofika, onse asiya ntchito. Wowotcherera wabwereza katatu poti ati msoko wake ndi wokhota. Kenako pali lole ina yakhala ikuwazunguza mutu anyamata aja, awa angoimvetsera ikulira n'kunena kuti ayang'ane paipi ya mafuta. Sinali paipi ayi, koma mkangano wake wandidyera tsiku lonse."

"Inali paipi," a Sipanala anatero akutsika pang'onopang'ono. "Sanayang'ane bwino."

Anali otopa kwambiri moti mwendo unkakoka kuposa masiku onse, ndipo mawu ankamveka movutikira. Koma atakhala pansi anapempha tiyi, ndipo ataulawa anati wazizira.

Nkhani ya makoswe inatha mwa njira ina. Pokhala pabwalo masana onse, a Sipanala anaona kuti onse amatulukira malo amodzi, pamene paipi yamadzi oipa imadutsa mumpanda. Anaitanitsa waya wa sefa ndi simenti, nayang'anira mmisiri mpaka bowolo litatsekedwa monga iwo ankafunira. Anauzanso Nabuledi kuti matumba a ufa akwere pamathabwa, atalikirane ndi khoma. Makoswe anachepa mpaka kungotsala mmodzimmodzi wosochera. Mwa amenewo a Sipanala anagwetsa awiri m'miyezi yotsatira, aliyense ndi kachipolopolo kamodzi, ndipo ena ambiri anawaleka adutse chifukwa sanaime bwino kapena dzanja linali litatopa. Nabuledi sanawafunse za amenewo.

Zimene sanasiye ndi mapepala. Ankadula makatoni a majarini, n'kujambula kadontho pakati ndi cholembera chakuda. Ntchito ya Nabuledi inali yopita kumpanda kukachotsa lakale ndi kukhoma latsopano, mfuti ili yothyola pamiyendo ya amuna ake, poti limenelo linali lamulo lawo: munthu akakhala kutsogolo, mpope ukhale wotsegula.

Madzulo ena, atatseka bekale, anapita kukachotsa katoni n'kuima nayo akuiyang'ana. Mabowo anayi anali atagundana pafupi ndi kadontho, moti chala chachikulu chikanawaphimba onse. Bowo lachisanu linali lokhalokha, m'mwamba chakumanja.

Anabwera nayo n'kuwapatsa. A Sipanala anaiyandikizitsa kumagalasi, naloza bowo losocheralo.

"Ili ndi mphepo."

Nabuledi anayang'ana zovala zimene zinali pachingwe. Panalibe ngakhale mpango umene unkagwedezeka.

"Inde, bambo," anatero. "Mphepo."

Anatenga katoni ina pamulu, napita kukaikhoma.